Chibowo cha SOCKS5 mu curl ndi mmene chinatsekedwera

curl ndi pulogalamu yotumizira ndi kulandirira zinthu pa intaneti, ndipo ili mbali ziwiri. Pali chida chimene munthu amachilamula polemba mawu pa kompyuta, ndiye pali libcurl, laibulale imene mapulogalamu ena amailowetsa mkati mwawo kuti iziwagwirira ntchito yolankhulana ndi maseva. M'nkhani za mapulogalamu, laibulale ndi mtolo wa khodi yolembedwa kale, yoti wina angoiitana m'malo molemba yake. Wopanga pulogalamu ya pa foni, ya mu TV kapena ya m'galimoto safuna kuyamba yekha kulemba mmene makina amapemphera tsamba pa HTTP, mmene amatsimikizira satifiketi ya seva, kapena mmene amapitirizira kukopera fayilo imene inadukira panjira. Amangotenga libcurl. N'chifukwa chake anthu ambiri amene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku sanamvepo n'komwe dzina lake.

Amene akhala akutsogolera ntchitoyi ndi a Daniel Stenberg a ku Sweden. Chakumapeto kwa 1996 ankafuna kachida kotengera mitengo yosinthira ndalama pa intaneti kuti anthu ocheza pa IRC azitha kufunsa, ndipo anapeza kapulogalamu kotchedwa httpget ka a Rafael Sagula a ku Brazil. Anakakuza, dzina linasintha kukhala urlget, kenako pa 20 Malichi 1998 linakhala curl. libcurl inatuluka mu Ogasiti 2000. Zonsezi zinalembedwa m'chinenero cha C, ndipo chilolezo chake chimalola aliyense, ngakhale kampani yogulitsa katundu, kutenga khodiyo osalipira. Lero curl imabwera pamodzi ndi macOS, ndi mitundu yambiri ya Linux, komanso ndi Windows kuyambira 2018. A Stenberg amayerekezera kuti makope ake padziko lonse ndi oposa mabiliyoni 20. Chiwerengerochi n'chongoyerekezera chifukwa wotenga khodiyo salembetsa kwa aliyense, ndipo pakapezeka chibowo, kusadziwika kwa komwe makopewo ali ndi kumene kumavutitsa kwambiri.

Pa 11 Okutobala 2023 gulu losamalira curl linatulutsa curl 8.4.0, ndipo tsiku lomwelo linaulula chibowo chimene chinapatsidwa nambala ya CVE-2023-38545. Manambala a CVE ndi kaundula wa zibowo za chitetezo amene bungwe la MITRE la ku America linayambitsa mu 1999, kuti anthu onse akamakamba za vuto limodzi azilitchula ndi dzina limodzi. Chibowochi chinali m'gawo la libcurl lolankhulana ndi proxy ya mtundu wa SOCKS5, ndipo chinakhudza curl iliyonse kuyambira 7.69.0 mpaka 8.3.0.

Proxy ndi kompyuta yoima pakati. M'malo moti pulogalamu ilumikizane yokha ndi seva imene ikuifuna, imauza proxy kumene ikufuna kupita, ndipo proxy ndiyo imalumikiza n'kumadutsitsa zonse zopita ndi zobwera. Makampani amaika ma proxy kuti aziyang'anira zotuluka m'maofesi awo. Anthu ofuna kubisa komwe ali amadutsira pa Tor, imene mapulogalamu amalankhulana nayo kudzera pa SOCKS5 yomweyi. Malamulo a SOCKS5 analembedwa mu 1996 m'chikalata cha RFC 1928. Pa intaneti makina sapezana ndi mayina koma ndi manambala otchedwa adiresi ya IP, choncho dzina la seva limayamba lasandutsidwa nambala pofunsa DNS. Apa SOCKS5 imalola njira ziwiri: pulogalamu ikhoza kufunsa yokha DNS n'kupatsa proxy nambala, kapena ikhoza kupereka dzina lenilenilo kuti proxy ndiyo ikafunse. Mu curl njira yachiwiriyi imasankhidwa polemba socks5h:// kutsogolo kwa adiresi ya proxy, kapena polamula ndi --socks5-hostname. Odutsira pa Tor amadalira njira imeneyi, chifukwa kompyuta ikafunsa yokha DNS, kampani yopereka intaneti imaona dzina la malo amene munthu akupitako, ndipo chinsinsi chimene amachifuna chimakhala chatayika.

Malamulo a SOCKS5 anapereka baiti imodzi yokha yolembamo kutalika kwa dzina, ndipo nambala yaikulu imene ingakwane m'baiti imodzi ndi 255. Dzina loposa mabaiti 255 silingatumizidwe kwa proxy. Kwa zaka zambiri curl inkati ikapeza dzina lotalika chotero, inkasintha yokha njira: inkaleka kupereka dzinalo kwa proxy n'kuyesa kufunsa yokha DNS. Ganizo limeneli linali lolakwika ngakhale chibowo chisanabadwe. Munthu amene wanena momveka kuti dzina lisafunsidwe pa kompyuta yake ali ndi chifukwa chake, ndipo pulogalamu siyenera kumusinthira mwakachetechete. Komanso DNS yomweyo silola dzina loposa zilembo 253, moti kuyesako kukanalephera basi. Komabe pa nthawiyo panalibe ngozi pa memory, chifukwa kukambirana konse ndi proxy kunkachitika ulendo umodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadukiza.

Kusadukizako kunali ndi vuto lake. libcurl imatha kuyendetsa maulendo ambiri nthawi imodzi, koma umodzi ukaima kudikira proxy yochedwa kuyankha, ena onse ankaimanso. Pa 14 Febuluwale 2020 a Stenberg analowetsa khodi yokonza zimenezi, ndipo inatuluka mu curl 7.69.0 mu Malichi chaka chomwecho. Kukambirana kunagawidwa m'masitepe. Tsopano gawo la SOCKS5 likapereka moni kwa proxy n'kupeza kuti yankho silinafike, limabwerera kuti ntchito zina zipitirire, ndipo likaitanidwanso limayambira pa sitepe imene linalekezera. Kusinthaku kunali kwabwino ndipo kunkafunikadi. Cholakwika chinabisala pa kanthu kakang'ono. Pamwamba pa gawolo panali chizindikiro cha inde kapena ayi, chonena ngati dzina lifunsidwe pa kompyuta yomweyo, ndipo chinkaikidwa mwatsopano nthawi iliyonse gawolo likaitanidwa, potengera mtundu wa proxy umene unasankhidwa. Kuyeza kutalika kwa dzina kunkachitika pa sitepe yoyamba yokha. Dzina likatalika, sitepe yoyambayo inkatembenuza chizindikiro kukhala inde. Proxy ikachedwa kuyankha, gawolo linkabwerera, ndipo poitanidwanso chizindikiro chija chinkabwerera pa ayi, pamene sitepe yoyeza inali itadutsa kale. Khodi inkapitirira ngati kuti dzinalo ndi lalifupi, n'kulikopera lonse mmene lilili.

Kumene linkakoperedwa ndi mu buffer, kachigawo ka memory kamene pulogalamu imapatula kuti isungiremo zinthu kwakanthawi. Pokambirana ndi proxy, libcurl inkabwereka buffer imene pambuyo pake imalandiriramo zokopera, ndipo kukula kwake, ngati pulogalamu sinasinthe, ndi makilobaiti 16. Koma dzina la seva linkaloledwa kufika mabaiti 65,535. Chinenero cha C sichiyang'ana ngati zokoperedwa zikukwana. Chimangolemba mpaka zitatha. Zili ngati mlembi wa kaundula wa m'mudzi amene dzina lamutalikira, ndipo m'malo moima pamene mzere wathera, wapitiriza kulemba pamwamba pa mayina a mabanja otsatira. Zofufutidwazo zikhoza kukhala zinthu zimene pulogalamu imadalira kuti idziwe chochita kenako. Kawirikawiri pulogalamu imangogwa. Koma munthu waluso amene akusankha yekha zilembo zosefukirazo nthawi zina amatha kuikhotetsa kuti ichite zofuna zake, ndipo apa m'pamene pagona mantha onse pa zibowo zamtundu umenewu. Akatswiri amachitcha heap buffer overflow, popeza buffer yosefukirayo ili m'chigawo cha memory chotchedwa heap.

Kuti wachiwembu achigwiritse ntchito, zinthu zingapo zinayenera kukumana. Pulogalamu inayenera kukhala ikudutsira pa SOCKS5 m'njira yopereka dzina kwa proxy, ndipo inayenera kulandira dzina lotalika mopitirira muyezo. Njira yapafupi yoipatsira dzina lotero ndi seva yachinyengo imene, ikafunsidwa tsamba, imayankha kuti tsambalo lasamukira ku adiresi ina ya dzina la zilembo masauzande ambiri. Pulogalamu yololedwa kutsatira mayankho oterewa imalitenga yokha dzinalo. Proxy inayenera kuchedwa kuyankha, koma ichi sichinali chotchinga chenicheni, chifukwa kuchedwa kwa masiku onse kwa pa netiweki kunali kokwanira. Buffer nayo inayenera kukhala yochepera mabaiti 65,541. Apa m'pamene chida cha curl chinapulumukira: chimaika buffer yake pa mabaiti 102,400, moti dzina lalitali kwambiri limakwanamo, pokhapokha munthu atachepetsa liwiro lokopera ndi --limit-rate, zimene zimachepetsanso buffer. Amene anali pangozi yeniyeni ndi mapulogalamu ogwiritsa ntchito libcurl osasintha kukula kwa buffer. Wachiwembuyo analinso ndi malire ake, popeza si baiti iliyonse imene imaloledwa m'dzina la seva, ndiye kulanda makina kunali kovuta kuposa kungogwetsa pulogalamu.

Chibowochi chinakhala m'khodi masiku 1,315. Sikuti curl ndi ntchito yosasamalidwa ayi. Ili ndi mayeso oposa 1,000 amene amayendetsedwa khodi ikasinthidwa, ili ndi zida zofufuza khodi, ndipo kuyambira 2017 OSS-Fuzz ya Google imaipatsa zinthu zosokonezeka usana ndi usiku kuti ione pamene ingagwere. Mu 2022 kampani ya Trail of Bits inaifufuzanso mwapadera. Chibowo chinapyola zonsezi, chifukwa mzere uliwonse paokha unkaoneka bwino, ndipo vuto linkangotuluka dzina lalitali likakumana ndi yankho lochedwa, mkhalidwe umene panalibe mayeso ouyesera. Amene anachipeza ndi a Jay Satiro, mmodzi mwa anthu amene akhala nthawi yaitali akuthandiza pa curl. Anapereka lipoti lawo mwachinsinsi pa 30 Seputembala 2023 kudzera pa tsamba lolandirira malipoti a zibowo la HackerOne, ndipo pambuyo pake analandira madola 4,660 a ku America, mphoto yaikulu kuposa ina iliyonse imene inali itaperekedwapo pa chibowo cha curl kufika nthawi imeneyo.

Chigamba chenichenicho, kutanthauza khodi yotsekera chibowochi, n'chachifupi kwambiri. M'malo motembenuza chizindikiro, khodi tsopano ikapeza dzina loposa mabaiti 255 pamene proxy ndiyo yoyenera kulifunsa, imaima pomwepo n'kubweza uthenga wakuti dzina latalika. Okonza sanayese kupangitsa kuti chizindikirocho chizikumbukiridwa pakati pa masitepe, ngakhale zinali zotheka. Anachotseratu khalidwe losintha njira lija, motero chigamba chimodzi chinatseka kusefukira kwa buffer pamodzi ndi kutayika kwa chinsinsi. Panabweranso mayeso atsopano a dzina lalitali, kuti cholakwikachi chisadzabwerere mosadziwika. Umu ndi mmene chigamba cha chitetezo chiyenera kukhalira: chaching'ono, chosasakanikirana ndi zosintha zina, chifukwa anthu ena adzafunika kuchinyamula n'kukachiika pa curl yakale imene khodi yake yasiyanako.

Nthawi yovuta ndi ya pakati pa kudziwa chibowo ndi kutulutsa chigamba. Khodi ya curl ili poyera, ndiye chigamba chikangoikidwa, aliyense wochiwerenga amadziwa pamene panali chibowo, achiwembu omwe. Choncho gulu la curl limakonzera mseri zibowo zikuluzikulu, ndipo masiku ochepa tsiku lotulutsa lisanakwane limadziwitsa mwachinsinsi magulu osamalira Linux, monga Debian, Ubuntu, Red Hat ndi SUSE, kuti akonzeretu mapaketi awo. Pa nkhaniyi anadziwitsidwa pa 3 Okutobala. Nthawi zambiri curl yatsopano inkatuluka pakatha milungu 8, ndipo curl 8.3.0 inali itatuluka pa 13 Seputembala, koma gululo linadula nthawiyo pakati n'kusankha 11 Okutobala. Ngakhale zinali choncho, kutatsala maola angapo chigambacho chinaonekera poyera m'nkhokwe ya khodi ya limodzi mwa magulu odziwitsidwawo.

A Stenberg anachitanso chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Kutatsala sabata imodzi analengeza poyera kuti pa 11 Okutobala kutuluka chigamba cha chibowo chimene mwina ndi choopsa kuposa zonse zimene zinapezeka mu curl pa nthawi yaitali, koma anakana kutchula gawo lokhudzidwa kapena manambala a curl yokhudzidwa, chifukwa zimenezo zikanalozera anthu pamalo penipeni. Chilengezochi chinabweretsa nkhawa yaikulu. Anthu ankakumbukira zibowo zikuluzikulu monga Heartbleed ya mu OpenSSL mu 2014 ndi Log4Shell ya mu Log4j mu Disembala 2021, ndipo ambiri anakonzekera zoterozo. Tsatanetsatane atatuluka, ena anadandaula kuti anaopsezedwa pachabe. Dandaulo limeneli likusiya mbali yaikulu ya nkhani. Sabata imene anthu anapatsidwa inali yoti afufuze kumene libcurl ili m'makina awo, ntchito imene mabungwe ambiri anali asanaichitepo, ndipo ndi yofunika chimodzimodzi kaya chibowo chikhudza ambiri kapena ochepa. Gulu la curl silikanathanso kudziwa kuti ndi mapulogalamu angati padziko amene amadutsira pa socks5h ndi buffer ya makilobaiti 16. Ndipo kwa munthu amene amadutsitsa zida zake pa Tor pofuna kudziteteza, monga mtolankhani wa m'dziko lopondereza, chibowo chimene seva yachinyengo ingachitosere patali si chaching'ono.

Kayezedwe ka kuopsa kwake nakonso kanasiyana. Gulu la curl lili ndi milingo inayi, kuyambira wotsika mpaka woopsa kwambiri, ndipo chibowochi linachiika pa mlingo wachitatu, wotchedwa High. Nkhokwe ya NVD ya boma la America, pogwiritsa ntchito sikelo ya CVSS, inachipatsa 9.8 pa 10. Sikelo imeneyi imavutika ikafika pa laibulale, chifukwa singadziwe mmene pulogalamu iliyonse ikuigwiritsira ntchito, ndiye oyeza amangotenga mkhalidwe woipitsitsa. Mu Ogasiti chaka chomwecho gululo linali litakumana kale ndi zoterezi, pamene munthu wina, osalifunsa, analembetsa CVE-2020-19909 pa kacholakwika kokhudza nthawi yodikira curl isanayesenso kulumikiza. Kacholakwikako kanakonzedwa mu 2019 ndipo gululo silinkakaona ngati nkhani ya chitetezo, koma nako kanapatsidwa 9.8 poyamba. Mu Januwale 2024 curl inalandira udindo wa CNA, kutanthauza kuti tsopano gulu lomwelo ndilo limapereka manambala a CVE pa zibowo za curl.

Kutuluka kwa 8.4.0 pakokha sikunatseke chibowo pa makina a munthu aliyense. Gulu la curl lilibe njira yofikira makope amene ali kunja. Limangotulutsa khodi, ndipo aliyense amene anaitenga ayenera kudzaitenganso. Zimapepukirako pa Linux, pamene mapulogalamu ambiri amagawana kope limodzi la libcurl: paketi imodzi ikasinthidwa onse amakhala akonzeka, bola amene anali akuyenda kale azimitsidwe n'kuyatsidwanso, apo ayi amapitiriza ndi kope lakale limene lili mu memory. Koma magulu a Linux nthawi zambiri sasamukira ku curl yatsopano. Amatenga chigamba chokha n'kuchiika pa curl imene anatuluka nayo, kuti asasokoneze zina zodalira iyo. Debian 12 inakhalabe pa 7.88.1, Ubuntu 22.04 pa 7.81.0, zonse zitaikidwa chigamba. Woyang'anira makina amene akungoona nambala yoyambirirayo angaganize kuti adakali pangozi pamene ali bwinobwino, ndipo zida zambiri zofufuza zibowo zimalakwitsa chimodzimodzi. Choyenera kuona ndi nambala yonse ya paketi pamodzi ndi chilengezo cha chitetezo cha eni ake a Linux imeneyo. Makina akale kwambiri, monga a Red Hat Enterprise Linux 8 imene ili ndi curl 7.61.1, sanakhudzidwe n'komwe, popeza khodi ya mu 2020 ija inali isanafikemo.

Pa Windows, curl.exe ndi mbali ya Windows yeniyeniyo, ndipo Microsoft yokha ndiyo ingaisinthe moyenera. Inatero m'zosintha za mu Novembala 2023. A Stenberg akhala akuchenjeza anthu kuti asafufute kapena kusinthanitsa okha fayiloyi pofuna kuti zida zofufuza zikhale chete, chifukwa kutero kumatha kulepheretsa zosintha za Windows zotsatira. Kovuta kwenikweni ndi kumene libcurl inaumbidwira mkati mwa pulogalamu ina. Pulogalamu yotere imakhala ndi kope lakelake, losaoneka pa mndandanda wa mapaketi, ndipo kopelo limasintha pokhapokha mwini pulogalamu ataimanganso n'kuitulutsa. N'chimodzimodzi ndi ma container a Docker, amene iliyonse imanyamula malaibulale ake. Ndiye pali ma router, ma TV, makina osindikizira ndi zida zina zimene opanga ake anasiya kale kuzisamalira. Zimenezi zidzakhala ndi khodi yakaleyo mpaka tsiku lotayidwa, ndipo chongoziteteza n'chakuti zambiri sizidutsira pa SOCKS5. Vuto losadziwa zimene zili mkati mwa mapulogalamu ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti lamulo la pulezidenti wa America la mu Meyi 2021 liike patsogolo SBOM, mndandanda wa zonse zimene zili mkati mwa pulogalamu, pa mapulogalamu ogulitsidwa ku boma. Bungwe lokhala ndi mndandanda wotere limadziwa msanga kumene libcurl ili, pamene lopanda mndandanda limayamba kulembera makalata ogulitsa mmodzimmodzi.

Amene sakanatha kusintha msanga anali ndi pothawira. Kusiya socks5h, kaya m'khodi kapena m'zoikamo monga all_proxy ndi https_proxy zimene libcurl imaziwerenga yokha, kunkatseka njira yofikira chibowo, ngakhale kwa ofuna chinsinsi kutero kunali kutaya chimene anadzera. Wolemba pulogalamu akanathanso kukweza buffer kupitirira mabaiti 65,541 pogwiritsa ntchito CURLOPT_BUFFERSIZE. curl 8.4.0 inakonzanso chibowo china chaching'ono, CVE-2023-38546, chokhudza ma cookie, chimene chinaikidwa pa mlingo wotsikitsitsa.

Funso lotsala ndi la chinenero cha C. A Stenberg, amene anavomera poyera kuti ndiwo analemba cholakwikacho, ananenanso kuti kusefukira kotereku sikukanachitika m'chinenero choteteza memory, ndipo powerengera zibowo zonse za curl kufika nthawi imeneyo anapeza kuti 41 pa 100 zilizonse zinachokera ku zolakwika zamtundu umenewu. Mu Rust khodi yomweyi ikanaiwalabe chizindikiro chija, koma pulogalamu ikanaima pofika kumapeto kwa buffer m'malo molemba kupitirira. Kulembanso curl yonse n'kovuta. Imayenda pa makina a mitundu yambirimbiri, ena akale kwambiri kumene C yokha ndiyo imapezeka, ndipo khodi yatsopano imabweretsa zolakwika zatsopano m'malo amene yakale inayesedwa kale kwa zaka zoposa 25. Njira imene inayesedwa ndi yosintha zigawo chimodzichimodzi. Kuyambira 2020, mothandizidwa ndi bungwe la ISRG limene limayendetsanso Let's Encrypt, curl inayesa kugwiritsa ntchito hyper, laibulale ya HTTP yolembedwa mu Rust, koma ntchitoyi inasiyidwa kumapeto kwa 2024 chifukwa chosowa oigwiritsa ntchito ndi oimalizitsa. Rustls, laibulale inanso ya Rust yosamalira TLS imene imateteza kulumikizana, inatsala ngati imodzi mwa zimene womanga curl angasankhe. M'khodi ya C yotsalayo, gululo likuchepetsa malo amene amakopera memory mwachindunji, ndipo m'malo mwake likugwiritsa ntchito zida zake zamkati zimene zimayamba zayeza malire a buffer zisanalembe.